Kodi "Keyala" kwenikweni n'chiyani?

Mdzukulu wa Msilikali: Akuluakulu ndithandizeni. M'sutikesi ya malemu agogo aamuna tapezamo kabaji kachitsulo: lipenga lopindika lokoleka pa zingwe, pamwamba pake chisoti chachifumu. Ine ndimati n'ka apolisi, amalume n'kundikalipira kuti iwe, aka n'ka Keyala. Keyala imene ndimaidziwa ine ndi ya pa envulopu. Zikugwirizana pati?

Wa ku Domasi: Mwandikumbutsa agogo anga aakazi. Akati "bambo ako aakulu anatengedwa ndi Keyala" ankatsitsa mawu ngati akunena za maliro. Ankati lipenga likalira m'mawa ku Zomba, ngakhale iwo kumudzi mtima unkagunda.

Mphunzitsi Wopuma: Ndi K.A.R., King's African Rifles, gulu limene Angerezi anakhazikitsa mu 1902. Mabataliyoni oyamba awiri anali a Nyasaland. Lipengalo linali chizindikiro cha magulu a mfuti oyenda mobalalika, amene ankaitanizana ndi lipenga chifukwa mawu a mkulu wawo sakanafika patali. Chisoticho ndi cha mfumu ya ku England. Ndipo keyala ya pa kalata inachokera pomwepo, poti makalata a asilikali onse ankalembedwa K.A.R.

Kalaliki Wakale: Pa za lipenga ndavomera, aphunzitsi. Koma ya kalata ija ndi "care of" ya Chingerezi. Kumudzi kalata inkadzera kwa amfumu kapena ku mishoni.

Mphunzitsi Wopuma: Nanga ndani ankalemba makalata ambiri nthawi ya nkhondo, kupatula asilikali? Ganizirani bwino, achimwene.

Wa ku Domasi: Agogo sankadziwa kulemba, koma ankasiyanitsa asilikali akwathu ndi a ku Kenya poona chipewa. Akwathu chinali chakuda chachitali, enawo chofiira. Ndiye akatero ayambe nkhani ya amtengatenga, anthu onyamula katundu wa asilikali ku nkhondo, za kabaji osazitchulanso.

Kalaliki Wakale: A ku Joni ankalembanso makalata, aphunzitsi, mwina kuposa asilikaliwo.

Mphunzitsi Wopuma: Iwo anatengera kwa asilikali. Onani, Mfumukazi Elizabeth italowa ufumu mu 1952 dzina silinasinthe, linakhalabe King's mpaka 1964 pamene bataliyoni yathu inakhala Malawi Rifles. Dzina lokhazikika chonchi lingalephere kulowa m'chiyankhulo?

Mayi a Mapasa: Inu mukulimbana ndi keyala, ana anga sadziwa n'komwe kuti nkhondo ya Chiwaya, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ija, n'chiyani. Ndinawafunsa, wina akuti ndi mkangano wa pogulitsira tchipisi. Chipilala cha asilikali ku Zomba amangochidutsa akujambulana.

Wa ku Domasi: Zoona mayi. Wanga malipenga amawadziwa ngati gule wa ku Nkhata Bay basi, osaona kuti kuguba konse kuja n'kwa pa perete. Ukamufunsa keyala akuti "nditumizireni lokeshoni".

Mdzukulu wa Msilikali: Ndiye amalume ndikawauze ziti?

Mphunzitsi Wopuma: Kawauze kuti zonse ziwiri ndi K.A.R.

Kalaliki Wakale: Imodzi yokha, mphwanga. Inayo aphunzitsi abweretse kaye envulopu yakale tiione.