Mwana wa giledi 3 sakutsegula pakamwa pa mayeso, ndimulembe pa red?

Madamu wa giledi 3, Kanyama, Lusaka: Aphunzitsi anzanga thandizeni msanga, mutu waima. Mayeso a kuwerenga a week 5 ya temu ndamaliza dzulo, asiniya akufuna tracker (pepala lolembapo zotsatira za mwana aliyense) mawa m'mawa. Ndili ndi ana 87, sesheni yamasana. Pali mtsikana wina wa zaka 9, anabwera pa transfer temu yatha. Kope lake mukaliona mungati ndi la wa giledi 5, za pabolodi amakopera mwaudongo. Koma ndikamuitana patebulo kuti awerenge, zii. Mavawelo, maphatikizo, ngakhale ba be bi yemweyu, amangondiyang'ana pakamwa. Dictation wapeza 2 pa 10. Ndamuyesa katatu. Ndimuike pa red basi, gulu la ana otsalira kwambiri? Mtima ukukana chifukwa masamu olemba amakhoza. Amayi ake ndawaitanitsa kawiri sanabwere, amagulitsa kumsika wa Soweto, amachoka kusanache.

Asa a ku Matero: Red. Ndipo abwerere giledi 2. Kukopera si kuwerenga madamu, ameneyo akujambula zilembo ngati akujambula nyumba. Zaka 26 ndikugwira choko, otere ndawaona ambiri. Maziko palibe.

Mphunzitsi wa Catch Up (pulogalamu yothandiza ana otsalira pa kuwerenga ndi masamu), Chawama: Pa tracker lembani zimene mwapeza, osamuonjezera mamakisi chifukwa chomumvera chisoni. Mukamukweza pa yellow, gulu la pamwamba pa red, ndiye kuti mwamuchotsa pa mndandanda wa ofunika thandizo. Koma funso: mwamuyesera pati? Patebulo ana 86 akuchita phokoso kumbuyo? Ife timatuluka naye mwana panja, m'modzi m'modzi, n'kuyamba ndi kandime. Akalephera timatsikira pa mawu, kenako zilembo. Ena amene m'kalasi amakhala ngati osalankhula, pansi pa mtengo amawerenga.

Madamu wa giledi 3, Kanyama: Panja ndituluke, kalasi ndisiyire ndani? Ndikangofika pakhomo amenyana kale

Amayi a special (ophunzitsa ana ofunika thandizo lapadera), Chilenje: Madamu, mwati amakuyang'anani pakamwa. Pamenepo mpamene ndaima ine. Amakhala pati m'kalasi? Mukamuitana ali chakumbuyo amacheuka? Mawa musanayambe phunziro imani kumbuyo kwake, sitepe imodzi, mutchule motsitsa mawu amene amawadziwa, monga nsima kapena sopo, awabwereze. Khutu lina atseke ndi chala, kenako musinthe. Onaninso kolala ya yunifomu ndi m'khutu. Ndinali ndi mnyamana wina amene aliyense ankamutcha wamwano chifukwa sankayankha. Tsiku lina ndikumukonza kolala ndinaona banga lachikasu paphewa, kathonje kakuda kali m'khutu, fungo lake losanena. Mafinya ankatuluka kuyambira ali giledi 1, kunyumba ankangothiramo mafuta ophikira. Mwana wotere za pabolodi amakopera bwino chifukwa maso ali bwino, koma dictation imamugwetsa, p ndi b kwa iye n'chimodzi. Izi si zopimira matenda ayi, n'zongokuthandizani kudziwa ngati muwatumize ku kiliniki. Kumeneko ndi kumene amalemba kalata ya kuchipatala chachikulu cha UTH. Kuchipatala cha Beit CURE nakonso amapima makutu.

Asa a ku Matero: Makutu kapena ayi, sadziwa maphatikizo. Abwereze.

Wa guidance (mphunzitsi wolangiza ana), Mtendere: Chonde musalembe "slow learner" paliponse, kaya pa report kaya mu register. Mawu amenewo amamutsata mwana mpaka kumaliza sukulu, mphunzitsi wotsatira amangomuika kumbuyo osamuyesanso. Lembani zimene mwaona: sanatchule zilembo zingati, tsiku lakuti. Chinanso, musatumize chithunzi cha kope lake pagulu pano dzina likuoneka, mwezi watha wina anachita zimenezo. Ndipo mwana amene wangoti zii, nthawi zina nkhani ili kunyumba. Osamupanikiza ndi mafunso pamaso pa anzake. Mukaona zipsera kapena akakuuzani kanthu, musamalize nokha, pitani kwa a guidance ndi ahedi tsiku lomwelo. Nambala ya foni yothandiza ana, 116, ndi yaulere.

Mphunzitsi wa giledi 1, Garden: Transfer yachokera kuti? Ngati ndi Kitwe kapena Monze ndiye kuti anayamba kuwerenga m'Chibemba kapena Chitonga, inu mukumuyesa m'Chinyanja. Ndiponso ngakhale obadwira muno m'Lusaka amavutika. Ine ndinaonetsa chithunzi cha galu, kalasi yonse "imbwa!" Ndikati madzi iwo amati manzi, mbalame ndi kanyoni, dzanja ndi kwanja. Ife a ku Katete timaona ngati buku likulankhula zakwathu, koma kwa mwana wa mu komboni Chinyanja cha m'buku ndi chilankhulo china. Ndiye pa mayeso timati walephera pomwe mawuwo sanawamvepo chibadwire.

Madamu wa giledi 3, Kanyama: Kalata ya transfer ili kwa adepyuti sindinaione. Ndi anzake amalankhula Chinyanja cha mtauni koma pang'ono, nthawi zambiri amakhala yekha. Amakhala kumbuyo pafupi ndi zenera, pansi, madesiki anatha

Amayi a special, Chilenje: Kumbuyo pafupi ndi zenera! Mubweretseni kutsogolo mawa lomwe, musadikire za kiliniki. Ndipo polankhula naye musatembenukire kubolodi.

Asa a ku Matero: Mukamubweretsa kutsogolo wina apita kumbuyo. Ana 87. Ndanena kale, abwerere giledi 2 akayambe bwino. Masiku ano timangokankha ana kutsogolo, akafika pa mayeso a boma a ECZ dzina lokha kulemba movutika, kenako mlandu ndi wa mphunzitsi wa kalasi yomaliza.

Mphunzitsi wa Catch Up, Chawama: Asa, ku giledi 2 komweko ana ndi angati? Chiyambireni maphunziro aulere mu 2022 kalasi iliyonse yadzaza. Akakhalanso pansi kumbuyo chaka china, wamkulu kuposa onse, anzake akumuseka. Ngati ndi khutu, kubwereza kuchiza khutu? Komanso zobwereza si za mphunzitsi yekha, pamafunika kholo ndi ahedi.

Asa a ku Matero: Ine ndinabwereza giledi 4 ku Chadiza, lero ndine pano.

Wa guidance, Mtendere: Za amayi akewo, kalata yopatsira mwana siyifika, kapena ikafika amaopa kuti ndi ya ndalama. Tsiku limodzi osapita ku Soweto ndiye kuti kunyumba sadya. Funsani amene amakhala naye masana, kapena mupeze nambala muwaimbire madzulo. Muwapemphe khadi la under five, nthawi zina za makutu kapena malungo aakulu zimakhala zinalembedwa m'menemo. Musayambe ndi "mwana wanu sakhoza", sadzabweranso.

Mphunzitsi wa giledi 1, Garden: Sesheni yamasana nayonso anzanga. Mufunseni ngati wadya. Ine mu 2024, titatsegula mochedwa mu February chifukwa cha kolera, ndinathamangira kuyesa ana, pafupifupi theka anagwera pa red. Asiniya anandiitana ngati ndaba. Patapita milungu ingapo ndinawayesanso nthawi yoyambirira asanatope, ambiri anakwera okha.

Asa a ku Matero: Za madesiki zija, kwanu ogulidwa ndi ndalama za chitukuko za CDF anafika? Ife anabwera 40, pano 9 athyoka kale, mabawuti amangomasuka

Mphunzitsi wa Catch Up, Chawama: Kwathu tinawotcherera. Pali mnyamata wa welding kumsika anatichitira motchipa, ndikutumizirani nambala ku inbox.

Amayi a special, Chilenje: Madamu a ku Kanyama, mwamuyesa khutu lija?