Sitiraika wa xG yambiri koma samwetsa, ndimuike pati?

Wa Data: Abale thandizeni msanga. Lipoti la osewera akutsogolo kochi akulifuna Lachisanu. Sitiraika wathu pa npxG (xG ndi zigoli zoyembekezeka malinga ndi mipata imene wawombera, npxG ndi xG yopanda mapenate) pa mphindi 90 zilizonse wawasiya onse kutali, kuwombera ndi yemweyo, koma zigoli palibe. Wa kumapiko wamwetsa zambiri koma pafupifupi theka ndi mapenate. Ndikaika wa xG pamwamba akuluakulu andiseka, ndikaika winayo ndikudzinamiza ndekha. Mumatani inu?

Madala: Sitiraika ntchito yake ndi kumwetsa, basi. Haaland anagoletsa 36 mu Premier League 2022/23, ndani anafunsa za xG?

Wa Vidiyo: Achimwene, mapenatewo muwaike padera kaye, imodzi yokha imadya xG pafupifupi 0.76. Komanso onani mphindi. Wosafika mphindi 900 musamukhulupirire, makamaka wolowa kuchokera pa benchi, amapeza otseka kumbuyo atatopa ndiye pa 90 yake imatupa.

Sikauti: Nkhani yake ndi ya Darwin Núñez imeneyi. Ku Benfica anamwetsa 26 mu ligi 2021/22, Liverpool n'kumugula. Mipata ankaipeza daily, mu January 2024 anamenya chitsulo kanayi gemu imodzi ndi Chelsea, sizoni imeneyo n'kutha ndi zigoli 11 mu ligi. Manambala ankati zigoli zikubwera, ife n'kumadikira. Ndiye tsegulani ma clip a mipira yonse imene wanuyo anaphonya. Onani poulandira: mpira ukumuthawa, kapena akuwombera thupi litagwera kumbuyo? Ngati mwendo woponda ukukhala kutali ndi mpira nthawi zonse, limenelo si tsoka ayi.

Madala: Mwaona? Chitsulo kanayi, iye pa bolodi ziro. Wosamwetsa akhale pansi.

Wa Vidiyo: Madala, nanga Firmino? 2019/20 anamwetsa 9 zokha mu ligi, Liverpool n'kutenga ligi ndi mapointi 99. Ankatsika pakati, wotseka kumbuyo n'kumulondola, malo n'kutseguka.

Madala: Malowo analowamo ndani? Salah 19, Mané 18. Omwetsa amenewo. Mukundivomereza nokha.

Mayi Analyst: Chenjezo langa ndi lina. Musasakanize xG ya Wyscout ndi ya Opta m'tebulo limodzi, makampani a data awiriwa amawerengera mosiyana. Ine mnzanga wina anatero, kochi n'kuzigwira pamaso pa bodi yonse, kuyambira pamenepo lipoti lake silinkatsegulidwanso. Ndipo musalembe kuti uyu woyamba uyu wachiwiri. Akuluakulu amangoona mndandandawo, ena onse sawerenga, mawa mumva kuti mwana wagulitsidwa chifukwa cha inu.

Sikauti: Sizoni imodzi ndi yochepanso. Kokani zitatu ngati zilipo.

Madala: Kokani khumi kumene. Zigoli ndi zigoli.

Wa Vidiyo: Koma abale, ma clip akutsika kwa inu lero? Kwa ine akungozungulira kuyambira m'mawa.