Chithunzi chikuzilala pa 150 µm pamene mphamvu ya laser sinasinthe

WaPaZenera, Lolemba usiku

Anzanga, ndikulemba ndili m'chipinda cha maikulosikopu ya two-photon (imene imawalitsa utoto pokhapokha ma photon awiri a laser akaugunda nthawi imodzi) ndipo mutu wandiima. Ndikufufuza malungo a mu ubongo pa mbewa za C57BL/6 zopatsidwa Plasmodium berghei ANKA, ndipo ndimajambula mitsempha ya magazi kudzera pa zenera la pachigaza. Laser ndi ya Ti:Sapphire, 80 MHz, pa 920 nm; objective (galasi loyang'anizana ndi chojambulidwa) ndi ya 25x, NA (muyeso wa mmene imasonkhanitsira kuwala) 1.05, yoviika m'madzi. Ma PMT, zipangizo zomva kuwala kochokera mu mbewa, ndi awiri a mtundu wa GaAsP, imodzi ya kuwala kobiriwira, ina ya kofiira. Maselo a chitetezo a CD8 ali ndi GFP, puloteni yowala mobiriwira, ndipo m'mitsempha ndimabayamo dextran ya Texas Red ya 70 kDa, utoto wowala mofiira. Chaka chonsechi ndinkafika pa 400 µm popanda kuvutika, koma kuyambira sabata yatha ndikangodutsa 150 µm maselo obiriwira akuzilala ngati makala a pa mbaula m'bandakucha. Power meter ikuonetsa mphamvu yomweyo ya kale pansi pa objective. Chokhacho chimene chasintha n'chakuti masabata awiri apitawo katswiri anabwera kudzachotsa Pockels cell (chipangizo chokweza kapena kutsitsa mphamvu ya laser) yakale n'kuikapo ina, ndipo anawongolanso njira ya kuwala. Mbewa zili pa tsiku lachinayi, ndipo mukudziwa kuti pofika lachisanu ndi chimodzi kapena lachisanu ndi chiwiri zimakhala zadwalika moti malamulo salola kuti ndizisungebe. Lero ndakweza mphamvu mpaka 150 mW, koma phindu lake n'lochepa. Ndiyambire pati?

Femto100

Achemwali, vuto lanu mwalitchula nokha: ndi Pockels cell imeneyo. Power meter imangoyeza mphamvu ya pakatikati, sidziwa ngati pulse (kung'anima kumodzi kwa laser) ili ya 100 fs (femtosecond, kachigawo kochepetsetsa ka sekondi) kapena ya 300 fs, pamene kuwala kwa two-photon kumachepa molingana ndi mmene pulse yatalikira. Miyala ya mkati mwa Pockels cell imawonjezera dispersion (kumwazika kwa kuwala kumene kumatalikitsa pulse) yambiri, ndipo ngati yatsopanoyo ndi ya mtundu wina, nambala za prechirp (zobwezera dispersion pasadakhale) zimene munasunga kale zatha ntchito. Werengani nokha: pulse ya 100 fs ikadutsa mu GDD (muyeso wa dispersion) ya 10,000 fs² yosabwezeredwa, imatuluka ili pafupifupi 300 fs, ndiye kuti chizindikiro chanu chagawidwa patatu musanafike n'komwe pa ubongo. Ikani fluorescein (utoto wowala mobiriwira) pansi pa objective, muziyendetsa GDD pang'onopang'ono mukuyang'ana pamene kuwala kufike pachimake.

MayiWaCore

Musanakhudze china chilichonse, tsitsani mphamvuyo, mwanawanga. Ubongo umatentha ndi kuwala kwa infrared ngakhale chithunzi chikuoneka chakuda, ndipo Podgorski ndi Ranganathan anaonetsa mu 2016 kuti mphamvu ikapitirira pafupifupi 250 mW ubongo wa mbewa umaonongeka ndithu. Inu simunafikepo, koma mbewa zanu si zabwinobwino: mitsempha yake ndi yotupa kale, ndipo chimene mukufuna kuyeza ndi kudontha kwa dextran kunja kwa mtsempha. Mukatenthetsa malowo ndi 150 mW pafupi ndi pamwamba, mawa mudzaona utoto wofiira utadontha, mudzalemba kuti ndi malungo, pamene ndi laser yanu yomwe. Kulibwino kutaya gulu limodzi la mbewa kusiyana n'kusindikiza zimenezo.

Chachiwiri, simunatiuze ngati vuto lili mu makina kapena mu mbewa. Pa matenda amenewa magazi amatha kudontha pansi pa kagalasi, ndipo hemoglobin imameza kuwala kobiriwira kwambiri kuposa kofiira. Kodi channel yofiira nayonso ikuzilala pa 150 µm, kapena yobiriwira yokha? Nanga mazenerawa anaika ndi munthu yemwe uja wa masiku onse?

Femto100

Mayi, ndi ulemu wonse, zenera silingaipe pa mbewa zonse nthawi imodzi Pockels cell itangosinthidwa. Ndi dispersion.

MkuluWaMagalasi

Ine ndifotokozeko zimene zinandichitikira ndili wophunzira, chifukwa nanenso ndinalumbira kuti ndi dispersion. Ndinatha masiku atatu ndikusuntha ma prism, ndinabwereka autocorrelator (choyezera kutalika kwa pulse) ku dipatimenti ya fizikisi, ndinalemba masamba awiri a masamu. Tsiku lachinayi mphunzitsi wanga analowa, anawerama, anaunika ndi katochi kofiira pansi pa objective, n'kundionetsa kathovu kakang'ono ngati njere ya mpiru kali phee pa galasi lakutsogolo. Madzi ndinkawathira mothamanga, ndipo mpweya unkatsalira pa kachigwa ka galasilo nthawi zonse. Sanalankhule kanthu, anangondipatsa kapepala kopukutira n'kutuluka.

Choncho yambani ndi zotsika mtengo. Onani thovu, onani mchere wouma pa galasi, onani ngati correction collar (mphete yopotoza ya pa objective) ili pa 0.17 mogwirizana ndi kuchindikala kwa kagalasi ka zenera, chifukwa wina akaipotoza chithunzi chimaoneka bwino pamwamba koma chimafooka msanga mukamatsika. Kenako chotsani objective, muike IR card (kakhadi koonetsa kuwala kwa infrared) pamene imamangidwira, muone ngati kuwala kukudzaza back aperture (bowo la kumbuyo kwa objective) ndiponso kuli pakati. Katswiri akawongola njira ya kuwala, kawirikawiri kukula kwa beam kumasintha. Beam ikachepa, mphamvu yonse imadutsabe, mwinanso yochuluka kuposa kale, koma NA yeniyeni imatsika, kadontho ka focus kamakula, ndipo ma photon awiri sakumananso pafupipafupi. Mikanda yowala ya 0.2 µm ikuuzani zimenezi m'mphindi khumi: yezani PSF (mmene kadontho kamodzi kamaonekera pa chithunzi), makamaka kutalika kwake pa z (cholowera pansi), muyerekeze ndi ya chaka chatha ngati munaisunga.

Ndipo valani magalasi otetezera oyenera 920 nm mukamachita zimenezi. Kuwala kumeneko diso silikuona, siliphethira n'komwe, koma laser ya class 4 imapsereza retina musanazindikire. Vulani wotchi ndi mphete.

WaPaZenera, Lachiwiri m'mawa

Zikomo nonse. Mphamvu ndatsitsa, Mayi. Thovu palibe, ndipo collar ili pamalo pake. Pa fluorescein, ndi mphamvu ndi gain (mlingo wokuzira chizindikiro pa PMT) zomwe ndinalemba mu Marichi, chizindikiro chili pafupifupi theka la chakale, ndiye kuti makina ali ndi mbali yake pa nkhaniyi. Channel yofiira nayonso yatsika, koma osati ngati yobiriwira. Ndachepetsa mphamvu ndi theka ndipo chizindikiro chatsika kanayi monga ziyenera kukhalira. GDD sindinaiyendetse chifukwa pulogalamu ya laser inatsekedwa ndi password imene ili ndi woyang'anira chipinda, ndipo iye ali pa tchuthi mpaka Lolemba. Mikanda ndiifunafuna masana ano.

Femto100

Mwaona? Theka. Kutsika kanayi kuja sikukutsutsa zimene ndikunena, chifukwa pulse ikhale yaitali kapena yaifupi, chizindikiro chimatsatirabe mphamvu yochulukitsidwa ndi iyo yokha. Mfundo imeneyi Maria Göppert-Mayer anailemba mu 1931, ndipo chimene chinathandiza Denk, Strickler ndi Webb ku Cornell mu 1990 kuti aisandutse maikulosikopu ndi pulse yaifupi, si china ayi. Muimbireni foni woyang'anirayo ngakhale ali kumudzi.

WaKuCapeTown

Achimwene a Femto100, mwina mukulondola, koma theka limenelo lingachokerenso kwina. Kuno tinavutika nyengo yamvula ina chifukwa cha chinyezi. Nthunzi ya madzi imameza kuwala chakufupi ndi 940 nm, ndipo mankhwala oumitsa mpweya mkati mwa laser akatha mphamvu, mode-lock (imene imapangitsa laser kutulutsa ma pulse) imayamba kugwedera mukamayandikira kumeneko. Gawo lina la mphamvu limasanduka CW (kuwala kosalekeza kopanda ma pulse), power meter imaliwerengabe, koma silipanga two-photon ngakhale pang'ono. Ngati muli ndi spectrometer, yang'anani: payenera kukhala kaphiri kosalala kotambasuka ma nanometer angapo, ndipo mukaona kaminga kakuthwa pamwamba pake, ndi CW imeneyo. Popanda spectrometer, yesani fluorescein pa 800 nm, muyerekeze ndi zolemba zanu zakale za pa 800 nm. Ngati kumeneko zili bwino koma pa 920 nm zafooka, funsani kuti cartridge ya chinyezi inasinthidwa liti. Katswiri uja ngati anatsegula chivundikiro cha laser tsiku limene anabwera, mpweya wa m'chipinda unalowamo.

MayiWaCore

Pali chinthu chimodzi chimene aliyense akuchilambalala. Achemwali anena kuti yobiriwira yatsika kuposa yofiira. Pulse ikatalika, kapena beam ikachepa, ma channel onse awiri amatsika mofanana, chifukwa onse akudyetsedwa ndi kuwala kumodzi. Kusiyanako kukuloza ku magazi a pansi pa zenera kapena ku PMT yobiriwira, ndipo fluorescein ilibe magazi. GaAsP silekerera kuwala kwambiri. Ifeyo tinataya imodzi madzulo ena pamene munthu wokonza m'chipinda anayatsa nyali ya padenga gain ili pamwamba ndipo nsalu yakuda ili yotsegula. Sinafe tsiku lomwelo, inangoyamba kuona mwachimbuuzi ndipo phokoso la mumdima linakwera. Katswiri wanuyo ankagwira ntchito nyali zili zoyaka, ndipo palibe amene angalumbire kuti ma PMT anali ozimitsa. Jambulani chithunzi shutter ili yotseka, muone phokosolo. Koma chonde musasinthanitse ma PMT awiriwo nokha usiku, chifukwa mukaivundukula pa kuwala mudzakhala ndi awiri odwala, ndipo mtengo wa imodzi ungadye ndalama zonse zotsala za chaka.

Femto100

Zingathe kukhala ziwiri nthawi imodzi, sindikukana. Koma yofiira nayonso yatsika, ndipo PMT yobiriwira siingafotokoze zimenezo. Dispersion ingafotokoze.

MkuluWaMagalasi

Beam yochepa nayonso ingafotokoze, achimwene, ndipo kuiyeza sikufuna password. Komabe chimene chandikhudza ine n'chakuti katswiri analoledwa kuchoka popanda wina kuyeza fluorescein ndi mikanda iye ali pomwepo. Kwathu kuno lamulo ndi lakuti pepala lake silisainidwa mpaka PSF ndi chizindikiro zitafanana ndi za asanabwere, ndipo nambalazo timazimata pakhoma pafupi ndi chitseko. Password nayonso imakhala mu envelopu yomata kwa mkulu wa dipatimenti.

WaKuCapeTown

Ife envelopu tinaiyesa, koma ophunzira ankasintha GDD pa wavelength iliyonse osabwezeretsa, mpaka tinabwerera ku munthu mmodzi. Achemwali a WaPaZenera, ngati mawa zinthu zikhalabe chomwecho, jambulani mitsempha ya pamwamba ya pia (kachikopa kokuta ubongo) mpaka 100 µm ndi mphamvu yochepa, popeza maselo a CD8 omatirira m'mitsempha amaonekanso kumeneko, ndipo mulembe m'buku nambala za fluorescein za tsikulo kuti musadzasakanize zithunzizi ndi za mu Marichi poyerekeza kuwala. Kodi mikanda ija munaipeza?

Femto100, Lachisanu

Achemwali, GDD ija munaiyendetsa?