Chonde ndithandizeni, frangipani wanga wayoyola masamba onse ndipo nthambi ina ikufewa

Mayi wa ku Area 49:
Moni nonse a m'gulu lino. Nthawi zambiri ndimangowerenga osalemba kanthu, koma lero zandikulira. Mwezi wa January ndinagula kamtengo ka frangipani, ka maluwa oyera achikasu pakati, kwa mnyamata wogulitsa mbande m'mbali mwa msewu kuno ku Lilongwe, ndipo anandiuza kuti ndi mtundu wosatalika kwambiri, woyenera pa nyumba ya lendi. Kanali bwinobwino mpaka April, koma mu May masamba anayamba kuchita chikasu n'kumagwa, moti pano mu July kangotsala nthambi zokhazokha. Nthambi imodzi ndikaidina ikufewa, khungwa lake lachita makwinya. Zikundiwawa chifukwa eni nyumba anadula mtengo wa gwafa umene ndinaupeza pakhomo pano osandiuza n'komwe, akuti unkagwetsa zinyalala, chonsecho mpanda wogumuka umene analonjeza kukonza udakali chomwecho ndipo nkhuku za anansi zimalowa n'kumapalasa paliponse. Amuna anga nawo amati maluwa angawa ndi amene akukweza bilu ya madzi, ndipo mnyamata wogulitsa uja sakuyankhanso foni. Apongozi anga akubwera mu August ndipo ndinkafuna kuti adzapeze pakhomo pokongola. Kodi mtengowu wafa? Nanga ndiuthire feteleza wanji?

Mlangizi wopuma pantchito:
Mayi, ndilankhula mosabisa mawu. Malo amene mwabzala mtengo wosadyedwawo mukanabzala mango, papaya kapena mandimu, bwenzi ana anu akudya zipatso. Ndagwira ntchito ya ulangizi zaka zambiri ndipo ndaona mmene anthu a m'tauni anasiyira mitengo yathu n'kumathamangira yachilendo. Frangipani kwawo ndi ku Mexico ndi mayiko oyandikana nawo, si kuno. Mukafuna maluwa, muwale ulipo wa maluwa ofiira, mphandula ulipo wa maluwa oyera, ndipo yonseyi imapirira chilimwe chathu popanda kuithirira. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 December n'kutha pa 15 April. Zulani ameneyo, mudikire mvula, mubzale mtengo waphindu.

Wa nazale ku Zomba:
Mayi, musazule msanga. Frangipani wa mtundu umene mwafotokozawo amayoyola masamba nthawi yozizira, ndiye kukhala wopanda masamba mu July si matenda, amaphukiranso kukayamba kutentha. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi nthambi yofewayo. Tiuzeni, kodi munaubzala pansi kapena uli m'chitini, ndipo mumauthirira motani?

Mayi wa ku Chilomoni:
Achemwali, nkhani ya eni nyumbayo yandikhudza kwambiri chifukwa nanenso zinandichitikira. Ndinabzala maluwa a bougainvillea kuzungulira mpanda wonse, ndinawasamala mpaka nyumba inasanduka ina, ndiye mwini wake atabwera n'kuona kukongolako anandikwezera lendi, kenako anandipatsa notisi kuti mukhale mwana wake. Ndinachoka ndikulira, maluwa anga onse anatsala komweko. Pa nyumba ya eni musamabzale chinthu chimene simungachinyamule.

Gogo wa ku Dedza:
Mwanangu, ine mtengo umenewo ndimauona kawirikawiri kumanda a kumishoni. Sindikunena zambiri, koma pakhomo panga sindingaubzale, ndipo apongozi anuwo mwina sakaukonda.

Mphunzitsi wa ku Mzuzu:
Agogo, ndi ulemu wonse, mtengowu amaubzala kumanda chifukwa choti umakhala ndi moyo ngakhale palibe wouthirira. Umapezekanso pa matchalitchi, pa masukulu ndi m'mahotela a kunyanja. Inu bambo alangizi, ndikufuna ndikukumbutseni kuti mango amene mukuwatamawo anachokera ku India ndi mayiko ozungulira, pomwe papaya, mapeyala ngakhalenso chimanga chimene timadya tsiku ndi tsiku zinachokera dera lomwelo la Mexico kumene kunachokera frangipani. Ngati tikuzula zachilendo, tiyambira kumunda kwanu.

Mlangizi wopuma pantchito:
Aphunzitsi, mbiri ya mbewu musandiphunzitse ine. Chimanga timadya, papaya timadya, nanga frangipani mumadya chiyani? Utomoni wake woyera uja ndi woipa, ukagwera m'maso umawawa koopsa ndipo pakhungu umayabwa, mtengowu ndi wa banja limodzi ndi oleander, chitsamba cha maluwa chimene chimapha ziweto zikadya masamba ake. Mayiwa sananene ngati ali ndi ana aang'ono, koma inu mukuwalimbikitsa. Ngakhale maluwa ake ndi achinyengo, amanunkhira kwambiri usiku kuti akope tizilombo touluka koma mulibe timadzi totsekemera, ndiye mlimi wa njuchi sapindula nawo kanthu. Anthu anabzalanso bulugamu m'mbali mwa mitsinje chifukwa chotengeka, lero akudandaula kuti madambo akuuma. Ine ndimanena zimene ndinaziona ndi maso anga.

Mnyamata wa ku Kawale:
Amayi, thirani urea dzanja limodzi patsinde ndipo muziuthirira m'mawa ndi madzulo. Ine ndimatero ndi mpiru ndi rape, masamba amabwera msanga kwambiri.

Wa nazale ku Zomba:
Achimwene, chonde musawasokoneze mayiwa, mtengo uwu si ndiwo zamasamba. Pamene ulibe masamba sumamwa madzi ambiri, ndiye mukauthirira kawiri pa tsiku mizu imaola, kuolako n'kumakwera m'tsinde. Urea naye amabweretsa masamba ambiri koma maluwa ochepa, ndipo pa mtengo umene ukugona angathe kuwotcha mizu. Mayi, tengani singano mubaye nthambi yofewayo. Pakatuluka utomoni woyera ndiye kuti ndi yamoyo, mwina yangochita ludzu. Pakapanda kutuluka kanthu, kapena pakatuluka madzi akuda onunkha, ndiye kuti yaola, muidule ndi mpeni woyera mpaka mutafika pamene mkati mwake ndi moyera. Koma ndikufunsanso, mtengowu uli pansi kapena m'chitini?

Mayi wa ku Area 49:
Zikomo nonse. Achemwali a ku Chilomoni, mwanena zoona, eni nyumba anga ndi a mtima womwewo, moti dzulo anatuma mwana wawo kudzafunsa za lendi mwezi usanathe. Agogo, mawu anu andiopsa pang'ono chifukwa apongozi anga ndi a ku Dedza komweko. Ana ndili nawo awiri koma ndi okulirapo, sangauseweretse. Madzi sindiwumana ayi, ndimausamala kuposa maluwa ena onse.

Bambo wa ku Johannesburg:
Kuno ndimagwira ntchito ya m'magadeni ndipo frangipani ndimakumana naye kwambiri. Mdani wake kuno ndi chisanu cha June ndi July, chimene chimadetsa nsonga za nthambi, moti timawabzala pafupi ndi khoma loyang'ana kumpoto kumene kumawomba dzuwa tsiku lonse. Abwana anga ena anandidula malipiro chifukwa cha mtengo umene unapsa ndi chisanu, ngati kuti ine ndi amene ndimalamula nyengo. Ku Lilongwe chisanu chotere si kawirikawiri, koma mtengowu umafuna dzuwa la maola 6 kapena kuposa pa tsiku, mukauika pamthunzi sudzachita maluwa. Muonenso masamba amene anagwawo, ngati kunsi kwake kuli ufa wa mtundu wa lalanje wokanirira ku zala, amenewo ndi matenda a dzimbiri, muwasese n'kuwatentha.

Mlangizi wopuma pantchito:
Mwamva nokha, wina akuti chisanu, wina akuti dzimbiri, wina akuti kuola. Mtengo umodzi matenda onsewa! Palibenso amene watchula chiswe, chonsecho m'madera ambiri a Lilongwe chiswe ndi chimene chimamaliza mitengo yofooka nthawi ya chilimwe. Fukulani patsinde muone, ndipo muwazepo phulusa. Koma ndikubwereza, mukanabzala muwale bwenzi tsopano lino mukuyembekezera maluwa, chifukwa umachita maluwa chilimwe chomwechi masamba asanaphuke. Achinyamata a masiku ano safuna kumva, amafuna zimene aona pa Facebook.

Mphunzitsi wa ku Mzuzu:
Bambo, muwale nawonso umayoyola masamba, uli ndi minga, ndipo umakula kuposa malo a nyumba ya lendi. Mayiwa anafunsa za mtengo umene ali nawo kale.

Mayi wa ku Namiwawa:
Ngati tsinde laola koma nsonga zili zolimba, mtengo sunatayike. Dulani nthambi yabwino yotalika masentimita 30 kapena 40, muisiye pamthunzi pouma kwa sabata imodzi kapena ziwiri kuti bala liume, kenako muizike m'dothi losakaniza ndi mchenga wa kumtsinje. Mukaizika tsiku lomwelo imaola. Ndi bwino kudikira September kapena October kukatentha, ndipo muithirire kamodzi kokha n'kuisiya mpaka itayamba kutulutsa masamba. Wanga ndinamupulumutsa choncho atamira m'dothi la makande nthawi ya dzinja.

Mayi wa ku Area 49:
Bambo alangizi, chiswe sichingafikeko chifukwa ndowa yake ndinaiika pa simenti. Amuna anga awerenga zonsezi ndipo akuti agwirizana nanu, moti tsopano m'nyumba mwathu mwabuka mkangano wina.

Wa nazale ku Zomba:
Mayi, ndiye kuti mtengowu uli m'ndowa. Kodi ndowayo munaiboola kunsi? Ipendekeni lero lomwe muone ngati pansi pake pali mabowo otulukira madzi, mupise chala m'dothi, ndipo musathirenso madzi mpaka mutatiuza zimene mwapeza.

Mlangizi wopuma pantchito:
Uzani amuna anuwo kuti mbande za mandimu ndi mango olumikiza zimapezeka ku Bvumbwe, ayambe kukumba dzenje mu November.