Gulu la banja: za matenda a bambo ku Johannesburg

Chikondi: Abale nonse, bambo atuluka ku opaleshoni. Magazi oundana omwe anatseka mtsempha wa mu ubongo awachotsa ngati ulendo woyamba uja, polowetsa kachubu pa mphechepeche mpaka kumutu. Dzanja lamanja ayamba kulisuntha, koma mawu akutuluka movutikira.

Azakhali a ku Zomba: Ambuye alemekezeke. Koma mwanawe, sitiroko kawiri? Poyamba paja sanachotse onse?

Mphatso (Leeds): Anachotsa azakhali, awa ndi atsopano. Mtima wa amalume sugunda molongosoka, madokotala amati atrial fibrillation. Magazi amadikha m'kathumba kena ka mtima n'kuundana, kenako kachidutswa kamathothoka n'kukatseka ku ubongo. Munthu wotere chiopsezo cha sitiroko chimakwera pafupifupi kasanu. Achemwali, mankhwala oletsa magazi kuundana aja a warfarin amamwa?

Chikondi: Anadukiza. Atatha sanandiuze, amati akupeza bwino.

Bambo aang'ono: Ine ndikuti akatuluka abwere kuno ku Ntcheu tiwasamale. Chikondi watopa yekha.

Mphatso (Leeds): Pepani bambo, pakadali pano ayi. Chawapulumutsa n'choti anafika msanga pa chipatala chomwe chili ndi makina ndi akatswiri ake. Ntchito yochotsa magazi oundanayi imayenda bwino m'maola 6 oyamba, ena amatheka mpaka maola 24 akajambulidwa ubongo. Itabweranso ali kumudzi, tingawathamangitsire kuti? Komanso warfarin amafuna kuyezetsa magazi pafupipafupi, INR (muyeso wa nthawi imene magazi amatenga kuti aundane) ikhale pakati pa 2 ndi 3. Achemwali, funsani adokotala ngati angawasinthire mankhwala ena otchedwa apixaban, omwe safuna kuyezetsa choncho. Koma ngati vavu ya mtima inawonongeka ndi matenda otchedwa rheumatic fever (aja amayamba ndi zilonda zapakhosi), atsala pa warfarin yemweyo.

Azakhali a ku Zomba: Ndiye ndipite ine. Pasipoti yanga ikadali yabwino. Ndikawaphikira ndi kuwamwetsa mankhwala pamaso panga. Nkhwani ndi chisoso n'zololedwa?

Mphatso (Leeds): Adye, koma mlingo wofanana masiku onse, chifukwa masamba amasokoneza mphamvu ya warfarin. Zitsamba musatenge chonde. Mukaona kamwa yapotoka, dzanja lalefuka kapena lilime lalemera, onani nthawi pa foni n'kuitana ambulansi pomwepo.

Bambo aang'ono: Ndamva mwanangu. Ya basi ndilipira ine. Otsalanu sonkhani ya mankhwala ndi mafizo, mutumize kwa Chikondi pofika Lachisanu.

Chikondi: Zikomo bambo. Azakhali, mundiuze tsiku lonyamuka, ndidzakuchingamirani ku Park Station.