Ndalama zikukwanira chinthu chimodzi: faiba, ma AP (zipangizo zoulutsa Wi-Fi), kapena kuwonjezera bandwidth?

Wa ku Luwinga: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru pa netiweki ya pakampasi yathu kuno ku Mzuzu. Kampasi ili ndi nyumba 7, ophunzira pafupifupi 1,800. Hositelo ili mamita 160 kuchokera kuchipinda cha maseva, ndipo waya wa netiweki wa kopa (Cat6) amadutsa m'mwamba pamapolo, pakati pali kaswichi komuwonjezera mphamvu. Madzulo foni imaona Wi-Fi koma siilowa. Dzinja lililonse maswichi amapsa. Oyang'anira akuti tingogula bandwidth yambiri, kutanthauza kuwonjezera liwiro la intaneti yomwe timagula (ma Mbps). Tiyambire pati?

Wa ku Katoto: Achimwene, musagule Mbps musanayeze. Ikani pulogalamu yoyang'anira netiweki ngati LibreNMS kapena Zabbix, muone mzere wa intaneti wotulukira kunja kwa sabata ziwiri. Ngati sukudzaza, vuto lili m'kati. Foni kuona Wi-Fi koma osalowa, kawirikawiri ndi DHCP, yomwe imagawira zipangizo maadiresi a IP. Subnet (gulu la maadiresi) ya /24 ili ndi maadiresi 254 okha, pomwe wophunzira mmodzi amabwera ndi foni ndi laputopu. Patsani hositelo iliyonse VLAN (chigawo cha netiweki) yake ya /22, maadiresi 1,022, lease (nthawi yomwe chipangizo chimasunga adiresi) muidule kufika maola 2. Izi sizifuna khobidi, mukhoza kuchita lero lomwe.

Wa ku Chibavi: Zoona, koma ndalamazo zipite ku faiba basi. Cat6 malire ake ndi mamita 100, ndipo waya wa kopa suyenera kulumikiza nyumba ziwiri kuno kwathu kwa mphenzi. Nyumba iliyonse ili ndi earth (cholumikizira magetsi kunthaka) yake. Mphenzi ikagwa pafupi, mphamvu za ma earth awiriwo zimasiyana, magetsi n'kudzera mu waya uja, maswichi a mbali zonse n'kupsa. Faiba ndi galasi, sadutsitsa magetsi.

Gulani faiba wa mtundu wa single-mode OS2 wa makoo (timaulusi tagalasi) 12, wopanda chitsulo m'kati. Mukatenga wachitsulo poopa makoswe, chitsulocho chimangidwe ku earth polowera m'nyumba, apo ayi mwabwezanso vuto lija. Ngalande ikhale yakuya masentimita 60 kapena kuposa, faiba alowe m'paipi ya HDPE ya 40mm, tepi yochenjeza ikhale pamwamba pake kuti wokumba paipi ya madzi aione asanadule. Pokhota paliponse pakhale manhole, musiyemo faiba wokulunga mamita 10 wodzalumikizira akadzaduka. Nyumba iliyonse ikhale ndi faiba wake wochokera kumaseva. Mukamangoponyerana nyumba ndi nyumba, magetsi akazima pakati, onse akutsogolo agona. Yambani ndi ma SFP (tizipangizo tolumikizira faiba ku swichi) a 1G. Tsiku lofuna 10G mudzangosintha ma SFP ndi swichi, osakumbanso.

Wa ku Zolozolo: Mayi, kukumbako n'kodula. Mawailesi awiri a 5GHz padenga angathe mamita 160 mosavuta.

Wa ku Chibavi: Angathe, achimwene, ndipo kunyumba yakutali ya anthu ochepa ndingavomere. Koma hositelo ya ophunzira mazana ikuonera mavidiyo madzulo idzaidzaza wailesiyo, komanso mwaikanso waya wa kopa padenga pomwe mphenzi imakonda.

Wa ku Mchengautuba: Musaiwale magetsi. Swichi zambiri za PoE (zopereka magetsi kudzera mu waya wa netiweki) za mapoti 24 zimapereka 370W. AP ya Wi-Fi 6 yofuna PoE ya mtundu wa 802.3at imasungiridwa 30W, kutanthauza ma AP 12, osati 24. Mukapitirira, ena amazima kapena kuchepetsa mphamvu, inu n'kumaganiza kuti ndi signal. Kabati iliyonse ikhale ndi UPS (chosungira magetsi cha mabatire) yoti igwire mpaka jenereta italira. Mabatire aja a 12V 7Ah akakwana zaka ziwiri kapena zitatu ayesedwe, nyali yobiriwira musaikhulupirire. Pa DB board (bokosi logawa magetsi) ikani SPD (choteteza zipangizo magetsi akakwera mwadzidzidzi) ya Type 2. Earth muiyeze mu Okutobala nthaka itauma, muyesetse ifike pansi pa ma ohm 5. Yoyezedwa m'dzinja imanamiza.

Wa ku Luwinga: Ndamva, zikomo. Nanga ma AP ndi eduroam, Wi-Fi ija yolowa ndi akaunti imodzi pamasukulu osiyanasiyana?

Wa ku Katoto: Chaka chamawa. Panopa konzani omwe alipo: pa 2.4GHz gwiritsani matchanelo 1, 6 ndi 11 okha, mphamvu muitsitse kuti asasokonezane. AP ya m'khonde siiboola bwino makoma a njerwa, choncho yezani chipinda ndi chipinda musanalembe nambala yogula. Za eduroam kambiranani ndi a MAREN, bungwe la netiweki ya masukulu a ukachenjede ndi za kafukufuku ku Malawi, koma muyambe mwakonza seva ya RADIUS yotsimikizira olowa ndi kaundula wa maakaunti a ophunzira.

Wa ku Chibavi: Pa tenda, lembani zofunika kuti chipangizo chichite, osati dzina la kampani, kuti musakodwe ndi malamulo a PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka zinthu za boma. Mulembemonso kuti kontirakita salandira malipiro omaliza asanapereke zotsatira za OTDR (makina oyezera faiba) za koo iliyonse ndi mapu a momwe faiba wadutsa. Mapepalawo yambani pano, chifukwa mvula ya ku Mzuzu imachedwa kusiya. Kukumba kuchitike pakati pa Juni ndi Okutobala.

Wa ku Luwinga: Nyumba zonse 7 ndalama sizikwana. Nditenge ziti kaye?

Wa ku Chibavi: Hositelo ndi laibulale. Koma pomwe ngalande yatseguka, ikiranitu paipi yachiwiri yopanda kanthu, yotseka kumapeto, yokhala ndi chingwe chokokera m'kati.