Supavaiza wandibwezeranso chaputala 3, ndithandizeni

Membala wobisa dzina: Admin musatulutse dzina langa chonde. Ndili chaka chomaliza ndipo supavaiza wandibwezeranso chaputala 3 ya kafukufuku wanga, angolemba ndi bolopeni yofiira kuti sample size (chiwerengero cha anthu oti ndiwafunse) yachokera kuti, basi osafotokoza kalikonse. Ku ofesi sapezeka, pa WhatsApp amangowerenga osayankha. Laputopu ndikuchita kubwereka kwa mnzanga yemwenso amandiwerengera maola, landilodi ali pakhosi, kumudzi amayi auza kale azimayi a ku tchalitchi za graduation. Tulo sindikuliona abale. Ndipange bwanji?

Mkulu wa data: Lembani 384 nkhani yatha. Fomula ya Cochran yowerengera sample size, confidence 95%, error 5%, p (gawo la anthu omwe ali ndi chomwe mukufufuza) muike 0.5, imatuluka 384. Ana a masiku ano mumafuna kutafuniridwa chilichonse.

Namwino: Akulu 384 yo si ya aliyense. Ngati akucheza ndi anthu mozama amasiya akaona kuti mayankho ayamba kubwerezabwereza. Inu ofunsa, kafukufuku wanu ndi wa chiyani?

Mkulu wa data: Zocheza ndi anthuzo ndi miseche chabe mayi, sayansi ndi manambala mu SPSS, pulogalamu ya pa kompyuta yowerengera data. Ngati anthu ake ndi ochepa pali njira yokonzera fomulayo yotchedwa finite population correction, nambala imatsika, koma poyambira ndi pomwepo.

Wa ku Zomba: Ine supavaiza wanga anapita kunja ndi chaputala changa, ndinadikira mpaka anzanga onse anavala gauni. Mtima umawawabe.

Mphunzitsi wa pa koleji: Tisamangonyoza masupavaiza, ena tili ndi ana ambirimbiri kuphatikiza makalasi ndi kuchonga mayeso. Mwanawe, lemba imelo yaifupi, upemphe mphindi khumi, upite ndi tsamba limodzi losonyeza anthu onse alipo angati ndi momwe wawerengera. Akapanda kuyankha kaonane ndi research coordinator wa dipatimenti.

Namwino: Komanso ngati ndi za umoyo musafunse munthu ngakhale mmodzi musanalandire chilolezo cha komiti ya ethics (yoteteza anthu ofunsidwa pa kafukufuku) ngati COMREC kapena NHSRC, ndipo fomu ya consent (yovomera kutenga nawo mbali) ikhalenso m'Chichewa.

Wa ku Ndirande: Amayi auzeni asagule kaye chitenje kkkk

Mkulu wa data: Aphunzitsi, ndinu nomwe mukuwononga anawa ndi kuwanyengerera. Ife tinkawerengera pamanja ndi kalikuleta. 384.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Koma mnzanga uja wati laputopu akuifuna mawa m'mawa, kodi SPSS imatheka pa foni?

Namwino: Mutu wa kafukufuku wanuwo tiuzeni kaye, anthu ake ndi ndani?